Nyumba ya ku Woolwich ndi Makalata Ondineneza

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku London ndi a kumudzi komwe. Dzina langa ndine Esnati, ntchito yanga ndi ya unamwino. Ndikufuna ndikuuzeni m'mene ndinatsala pang'ono kutaya nyumba ndi mwana wanga nthawi imodzi, chifukwa cha munthu amene ankakhala pa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi mwathu. Mawu ena atuluka akuthwa, mundikhululukire. Ambuye akadali mkati mondikonza.

Ndinabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene anamwino ambiri tinkachoka kumudzi. Mwamuna wanga anali atamwalira. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Takondwa, ndinamusiya ku Balaka kwa achemwali anga ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinamulonjeza kuti chaka chisanathe ndidzamutenga.

Amene anandilandira anali mkulu wa mpingo wathu, a Malunga, bambo wa suti yosakwinyika ndi pemphero lalitali. Iwo ankakhala ku Ilford, koma anali ndi kafulati ku Woolwich, chipinda cham'mwamba m'nyumba yakale, moyang'anana ndi mpanda wa malo amene kale anali a asilikali a pamadzi. Kumeneko n'kumene makolo a azunguwa ankakhomera zombo za nkhondo, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Pamene ndinkafika kunali bwinja lokhalokha, tchire, zitsulo zadzimbiri ndi nkhandwe zoyenda masana. Palibe munthu wa ndalama zake akanafuna kukhala kumeneko, n'chifukwa chake anandipatsa ine.

Tsiku londipatsa makiyi anandiuza kuti, "Mlongo, ifetu ndi abale, za ma contract ndi za azungu. Ma letter anu onse azifikira kwathu ku Ilford, ndizikubweretserani ku church Lamulungu."

Ine sindinaone cholakwika. Kwathu ndinakula makalata akufikira ku bokosi la sukulu kapena la mpingo, mapemphero akatha mkulu wa mpingo n'kumaitana mayina. Ndinaona ngati ndapeza kwathu kwachiwiri, mpaka ndinagwada pothokoza. Choncho kuntchito, ku banki, kwa dokotala, konse ndinalembetsa adiresi ya ku Ilford. Lendi ndinkawapatsira m'manja, panja pa tchalitchi. Chimene sindinkadziwa n'choti bamboyo anauza aboma kuti m'fulatimo amakhalamo yekha, pofuna kuzemba msonkho. Ine namwino wophunzira, wotha kuwerenga zolemba za madokotala zimene ena zimawakanika, ndinapusitsidwa ndi kumwetulira.

Kuti Takondwa apatsidwe viza pankafunika pepala losonyeza kuti ndili ndi malo omusungira. Chaka chilichonse ndinkapita kwa a Malunga kukapempha pepala limeneli, ndipo chaka chilichonse ankatsinzina n'kunena kuti tiziike kaye m'pemphero. Munthu ameneyu pemphero analisandutsa kabati yotsekeramo zinthu zimene sakufuna kuchita. Ine ndinkaopa kuoneka wosayamika. Ndinkangoti zikomo bambo, n'kupita kukalirira mu basi. Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi motero.

Kenaka bwinja lija linadzuka. Kunabwera makina, mpanda anaumata zithunzi za anthu oseka atagwira makapu a khofi m'mbali mwa madzi, ndipo nyumba zamagalasi zinayamba kumera. Mtsinje womwewo umene unkanunkha matope tsopano ankautchula ngati mankhwala. Mitengo ya nyumba m'dera lonse inakwera, ndipo misala yake inalowa mpaka m'tchalitchi. Azibambo amene kumudzi sanaumbepo njerwa ngakhale imodzi anayamba kuyankhula za "pulopate" pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. Nthawi ya maumboni inasanduka mpikisano. Uyu akuti Ambuye andipatsa nyumba ku Thamesmead, uyo akuti ine ziwiri, mpingo n'kumaombera m'manja. Za anthu amene ankatulutsidwa m'nyumba zimenezo kuti madalitsowo akwane, palibe ankazitchula. Ndinkakhala kumbuyo n'kumawayang'ana, mtima uli nyansi.

Lamulungu lina a Malunga anandikokera pambali, atanyamula makalata anga monga mwa nthawi zonse. "Mlongo, market ili bwino heavy, ndiye flat ija ndikugulitsa," anatero. "Ndikupatsani two months. Mulungu wathu salephera, akupezerani pena."

Nthawi imeneyo Takondwa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kunali kutatsala miyezi yowerengeka kuti akwanitse khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo akangotero malamulo samuonanso ngati mwana woti angatsatire mayi ake. Ndikanasowa nyumba ya dzina langa m'miyezi imeneyo, khomo likanatsekeka.

Ogula anayamba kubwera. Ankalowa ndi nsapato mpaka kuchipinda, kutsegula makabati anga, kukwinya mphuno kukhitchini, ine nditaima pamenepo ngati mpando wotsala. Palibe ankandipatsa moni. Onse ankathamangira pa zenera kuti aone ngati mtsinje ukuoneka, ndipo ukaoneka kachidutswa pakati pa nyumba ziwiri ankasangalala ngati aona mngelo.

Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti mwa nyumba zatsopanozo zina anazipatula, za lendi yotsikirako, zoti zipite kwa anamwino, aphunzitsi ndi ena amene akhala m'deralo kwa zaka. Ndinathamangira ku ofesi yoona za nyumbazo ndi mapepala anga onse. Mayi amene ndinamupeza anali waulemu ndithu. Anawerenga pepala lililonse, kenaka anandiuza kuti malinga ndi zimene ndabweretsa, ine ndimakhala ku Ilford, dera lina, khonsolo ina. Ndinamuuza kuti nyumba yanga ikuoneka pa zenera la ofesi yakeyo. Anati akundikhulupirira, koma iye sangalembe chikhulupiriro pa fomu. Ndibweretse chilichonse chaboma chokhala ndi dzina langa ndi adiresi ya ku Woolwich, cha zaka zapitazo.

Ndinalibe ngakhale chimodzi. Magetsi, madzi, zonse zinali m'dzina la a Malunga. Ndinapita ku Ilford kukagwada m'nyumba mwawo, kuwapempha kalata ya mizere iwiri yonena kuti ndakhala ndikuchita lendi m'nyumba yawo. Nkhope ya pemphero ija inachoka. "Mukufuna mundimangitse?" anandifunsa. Akazi awo anawonjezera kuti anthu ena ukawathandiza amaiwala msanga. Mlungu wotsatira nkhani inali itazungulira mpingo wonse kuti Esnati akufuna kugwetsa mtumiki wa Mulungu. Amayi amene ankabwera kwanga Lachinayi lililonse kudzaimba ndi kudya chakudya changa anayamba kundilambalala. Ambiri mwa iwo amuna awo ankafuna uphungu wa a Malunga pa zogula nyumba, ndiye anasankha mbali yokhala ndi phindu.

Abale, apa ndinafooka. Mapemphero anga anasanduka milandu. Ndinkafunsa Mulungu kuti kodi akutumikiridwa ndi anthu otere akuona? Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumuimbira Takondwa kumuuza zoona. Iye anati, "Musavutike amayi, ine ndinazolowera." Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene a Malunga ananena.

Tsopano ndikuuzeni za munthu wa m'chipinda cham'munsi. Anali gogo wachizungu, Mayi Pat, wobadwira ku Woolwich komweko, wosuta fodya ndi wosaseka. Mlungu wanga woyamba ndinagogoda pa khomo pake kukadzidziwitsa monga timachitira kwathu, ndinatchula dzina langa lonse, iye n'kundifunsa kalembedwe kake. Ndinkayesa chikondi. Kuyambira pamenepo tinali pa nkhondo. Amayi a Lachinayi akayamba nyimbo, iye ankagogoda kudenga ndi tsache. Ndikakazinga usipa, ankatsokomola mokweza pa masitepe. Achimwene anga atamwalira kumudzi, anthu n'kudzadza m'nyumba masiku atatu kudzandipepesa, anaitana a khonsolo. Ndinkadana naye, ndipo m'mapemphero anga ndinkamutchula m'gulu la adani.

Masana ena, ogula atangotuluka, ndinakhala pa masitepe ndikulira. Mayi Pat anatsegula chitseko kudzadandaula za phokoso la nsapato za anthuwo. Tsiku limenelo ulemu unandithera. Ndinamuuza m'Chingerezi kuti asangalale, ndikuchoka, ndiponso kuti kwa aboma ine sindinakhalepo m'nyumba muno ngakhale tsiku limodzi. Ndinamukhuthulira nkhani yonse, osati kuti andithandize, koma poti analipo ndi iyeyo.

Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala. "Sunakhalepo muno?" anatero. "Ine ndakhala ndikukuneneza kwa a khonsolo kuyambira mwezi umene unafika."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi. M'menemo munali makalata, osanjidwa chaka ndi chaka. Ena anali makope a madandaulo ake, ena mayankho a khonsolo okhala ndi chidindo. Pa lililonse panali dzina langa lonse, lolembedwa molondola, ndi adiresi ya ku Woolwich. Nyimbo za Lachinayi zinali momwemo, usipa unali momwemo, maliro a achimwene anga anali momwemo ndi masiku ake. Mpingo wonse wa anthu onditchula kuti mlongo unalephera kundichitira umboni, koma mdani wanga anali atandilembera mbiri ya zaka zisanu ndi chimodzi osaphonya.

Musaganize kuti gogoyo anasungunuka mtima. Pondipatsa chitinicho anati, "Tenga. Ngati zimenezi zikuchotse pamutu panga, ndikuperekeza ndekha." Ndipo anandiperekezadi m'mawa mwake, atavala chikhoto chake chonunkha fodya. Njira yonse ankatukwana nyumba zamagalasizo, kuti ana obadwira m'deralo akuthamangitsidwa kuti alendo a ndalama aziona madzi. Ku ofesi kuja anauza mayi uja kuti ine ndine munthu waphokoso kuposa onse amene anakhalapo nawo, ndipo akhoza kulumbira kukhoti. Mayiyo anadziletsa kuseka, anafunsa anzake a ku khonsolo, napeza kuti zonse zili m'mafayilo awo. Fomu yanga inalandiridwa.

Patapita milungu ingapo ndinapatsidwa fulati ya zipinda ziwiri pa malo a asilikali aja. Ili kumbuyo, yoyang'ana kumene amaimika magalimoto, chifukwa mbali ya mtsinje ndi ya olemera, ndipo ngakhale khomo lolowera tili ndi lathu. Zimenezo ine sizinandivute. Pepala la nyumbayo linali ndi dzina langa, ndipo tsiku lomwelo ndinalitumiza ku Malawi.

A Malunga anakana ogula angapo poyembekeza kuti mtengo ukwerabe. Kenaka mitengo ya nyumba inagwa m'dziko lonse, ndipo chikwangwani chawo chotsatsa fulatiyo chinaima pakhomo paja mpaka chinasuluka. Sindinene kuti ndinasangalala, koma sindinamenso kuti ndinalira. Chimene chinandinyansa kwambiri n'choti Lamulungu lina anaimirira kutsogolo n'kuchitira umboni kuti Mzimu ndi umene unawauza kuti anditulutse, kuti ndikalowe m'dalitso langa. Anthu anaombera m'manja. Ine ndinatola chikwama changa n'kutuluka, ndipo pano ndimapemphera kwina. Ndinawakhululukira chifukwa Ambuye amalamula, koma ulemu ndilibe nawo, ndipo sindinapeze pamene palembedwa kuti ndiwanamizire.

Takondwa anatera pa bwalo la ndege kutatsala milungu itatu kuti tsiku lake lobadwa likwane. Ndinasiya kamtsikana ka ku pulayimale, ndinalandira mzimayi wamtali kundiposa. Tinakumbatirana, koma thupi lake linali louma. Titafika kunyumba anakhala kumapeto kwa mpando, chikwama chili pamiyendo. Patapita nthawi anaimirira, nafika pa khomo la khitchini ine ndili momwemo, n'kunena kuti, "Odi, ndingamwe nawo madzi?" Mwana wanga wobala ndekha, kuodira m'nyumba ya mayi ake. Ndinamupatsa madziwo, ndinalowa kubafa n'kulira. Nyumba Mulungu anandibwezera, mwana anandibwezera, koma zaka zimene ndinataya poopa kukhumudwitsa munthu wa suti sizinabwerere. Zinatitengera nthawi yaitali kuti azitsegula yekha firiji osapempha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona misozi yanga, amene anadutsa mipando yonse ya kutsogolo n'kukatenga gogo wosapemphera kuti andipulumutse. Ndikuthokozanso Mayi Pat, amene mpaka lero tikakumana pa basi amandifunsa ngati oyandikana nawo atsopano ayamba kale kudandaula.

Inu amene muli m'mayesero onga anga, musaleke kupemphera, thandizo lili m'njira ngakhale simungadziwe nkhope yake. Koma musachite manyazi ngati ine. Munthu akakupatsani nyumba, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya amalira popemphera, mupempheni pepala tsiku lomwelo. Akakwiya, akwiye. Mwana wanu akukula kumudzi, ndipo sakuyembekezani.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.