Chifefe Chobwereka

Pa siteji ya basi ya Bembeke, mayi Ndapeza anakhala atafumbata kamtanga ka chakudya cha amuna awo amene anali m'chitokosi ku boma. Bambo wina wachilendo wa pambali pawo anawafunsa chimene chinachitika.

"Nguluwe zinatitsirizira mbatatesi kudimba, bambo. Ndiye amuna anga anabwereka chifefe cha achimwene awo, mfuti ija yowomba kangapo osalonganso. Eni ake ali ku Joni."

"Chiphaso anali nacho?"

"Chilipo, chodinda bwinobwino."

"M'dzina la yani?"

"La achimwene awowo. Si mimba imodzi kodi?"

"Lamulo silidziwa za mimba, mayi. Chiphaso n'cha munthu mmodzi. Wobwereka amafunika chilolezo chakechake."

"Anatiuza ndani zimenezo? Za makadi a chipani amafika nazo mpaka kudimba, koma izi ayi."

"Tsitsani mawu, anyamata a chipani ali apo."

Mayi Ndapeza anatsitsa mawu.

"Munthu sanaloze mnzake. Wapha chilombo chotha chakudya cha ana ake, basi maunyolo."

"Nanga nguluweyo ili kuti?"

"Anainyamula omwe anadzawamanga aja, ati ndi umboni. Dzulo kukhoti inafika mfuti yokha."