Liwu Limodzi Linatsala Pang'ono Kundilanda Digiri

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndiuchitira m'Chichewa. Chikapindika mundikhululukire, ndine wobadwira ku Ingezi konkuno, pakati pa olankhula Chishona.

Ambiri mukudziwa kuti kwa zaka zinayi ndakhala ndikuphunzira digiri ya bizinesi. Bambo anga, a Phiri, ankandiseka. Amvekere, "Geni amapitira ku yunivesite? Amako agulitsa matemba moyo wawo wonse opanda buku." Koma ine mumandidziwa, funso sindigona nalo. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake geni ya wina imakula, ya mnzake n'kufa, chonsecho akhala pamzere umodzi.

Chaka chomaliza anati aliyense achite kafukufuku. Ine ndinasankha amayi ogulitsa masamba, tomato ndi sadza, nsima yathu ija, kwa makorokoza, okumba golide aja, ku Gadzema. Ambiri mwa amayiwo ndi akwathu, a Chichewa chenicheni. Ndinakwera kombi ya ku Chegutu, kabuku kali m'manja, ndikudzimva kuti ndine wophunzira.

Ndikafunsa kuti, "Amayi, katunduyu amatha?" iwo amati, "Amatha mwanawe, anthu amatenga." Ine kulemba: amagula. Wachiwiri, "Amatenga." Ine: amagula. Mwayamba kale kuseka, amayi akumbuyoko! Inu msampha mwauona, ine sindinauone. Khutu langali linakulira m'Chishona, ndipo m'Chishona kutenga ndiye kugula.

Nditapereka ntchitoyo, aphunzitsi anandiitana. Anati, "Mwalemba kuti katundu yense amagulidwa, koma ndalama yopita nayo kunyumba ndi yochepa chonchi. Zikugwirizana bwanji? Kapena mayankhowa munangopeka muli pansi pa mtengo?"

Abale, wopeka kafukufuku amamuchotsa sukulu. Zaka zinayi! Zaka zinayi, abale, n'kupita kunyumba chimanjamanja, ndi dzina la wabodza! Anandipatsa milungu iwiri.

Ndinalira, inde ndinalira. Koma ndikagwada, pemphero lopempha chipulumutso silinkatuluka. Mtima unkangoti, "Ambuye, nanga tomato uja amapita kuti?"

Ndinabwerera ku Gadzema, kabuku ndinakasiya. Ndinakhala pachidebe tsiku lonse pambali pa mayi wina, a Nabanda. Kunabwera bambo wina, matope mpaka m'makutu, n'kutola tomato anayi, ulendo. Osalipira. Wina anatapa masamba, nayenso ulendo.

Ndinati, "Amayi, akuberani!"

Iwo anati, "Waba ndani? Watenga. Woyambayo ndiye amanditungira madzi. Winayo amandibweretsera nkhuni, ndipo ndikadwala amandisungira malo. Wogula ndi mlendo. Wathu amatenga."

"Ndiye kutenga si kugula?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe, ndiwe mwana wa yani?"

Manyazi, abale, manyazi! Koma manyazi asanathe, mafunso anayamba kutuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Mlendo amakhala wathu liti? Wotenga akasiya kutunga madzi mumamutani? Ndinafunsa, ndinafunsa, mpaka a Nabanda anati ndikuwathawitsira makasitomala.

Ndinazungulira amayi onse kachiwiri, ndikufunsa kuti ogula ndi ati, otenga ndi ati. Ndinalembanso zonse. Aphunzitsi anawerenga, anavula magalasi, anati, "Takhalani pansi, mundifotokozere bwinobwino." Ine, wa Chichewa chopindika, kufotokozera aphunzitsi a ku yunivesite! Dzina la wabodza linachoka, ndipo ndinakhoza.

Digiri ija ndi iyi m'manja mwangamu. Wina akakufunsani kuti mwana wa a Phiri anaitenga bwanji, mumuuze kuti sanaitenge mwa Chishona ayi. Sanaigule. Anaitenga mwa Chichewa, m'manja mwa Atate wake wakumwamba, chifukwa kwa Iwo sindine mlendo.

Zikomo Yesu, zikomo! Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani nonse, tikondwere limodzi!