Apongozi Ali pa Ndowa

Pamzere wogula mafuta, bambo wina wamimba yaikulu anafika thukuta lili kamukamu, chigubu m'manja, n'kuima kumbuyo kwa wanjinga yamoto. Wanjingayo anacheuka.

"Achimwene, chigubu chonsechi n'cha jenereta?"

"Mwayi umenewo ndiutenge kuti? N'cha chigalimoto changa chakale, zija zokwera mapiri. Chandithera mafuta pachitunda apo."

"Zimene zija zimamwa ngati zili ndi ludzu la chaka chatha."

"Ndiye ndimati ndichiphunzitse ulemu. Makaniko anangoti chepetsani zolemera. Ine ndi nzeru zangazi, ndinachotsa chibampala, sipeya, mpando wakumbuyo..."

"Mpandonso? Nanga anthu amakhala pati?"

"Pa ndowa. Panopa apongozi anga ali pa ndowa, ukwati wa mwana wawo womaliza ukuyamba iwo kulibe."

"Koma mafuta anayamba kukhalitsa?"

"Anayambadi. Koma nditachiona chili mbuu ngati nkhuku yososola, chisoni chinandigwira, ndinakachigulira matayala akuluakulu. Chinayamba kumwa kuposa kale. Ndiye ndinachotsa thanki yachiwiri, poti mafuta nawonso amalemera."

"Ayi ndithu, mutu muli nawo."

"Ulipo, koma uli gwaa ngati thanki yatsalayo."

"Nanga apongozi akuti chiyani?"

"Akadangonditukwana bwenzi zili bwino. Nditatsika ine, galimoto yonse inadzuka, masipuling'i n'kupuma. Iwo anayang'ana mimba yangayi, n'kunena mofatsa kuti, 'Bambo, mwavutika kuchotsa zonsezi, koma katundu weniweni mwamusiya pachiwongolero.'"