Bambo Ignasio ndi Lichero la pa Soche

Bambo Ignasio a ku Machinjiri, telala wopuma amene maso ake analeka kale kuona bowo la singano koma osaleka kuona cholakwa mwa munthu, anali atatha miyezi akuzengereza kulandira akwawo kwa Boyd, mnyamata wa ku Rumphi wofuna kukwatira mwana wawo Sophie. Amalume a mnyamatayo, okhala pa Chitawira pompa, akatumiza uthenga wopempha tsiku, yankho linali limodzi: "Tikuuzani." Tsono Sophie atawasiyira buku limene Boyd analemba yekha, iwo analiwerenga mpaka kumapeto monga mmene munthu amasanthulira malaya a pa kaunjika kufuna pong'ambika, ndipo Lamulungu masana anatuluka nalo pakhonde pomwe akazi awo, Mayi Lusiya, ankasenda nandolo.

"Ndalimaliza," anatero akuliponya pampando. "Zinyalala zokhazokha. Mitengo inafera chabe."

"Mitengo iti?"

"Mapepala, Mayi a Sophie. Amapangira mitengo."

"Ooo. Ndiye mundipatse ndiziyatsira mbaula."

"Dikirani mumve kaye kupusa kwa mkamwini wanuyo. M'bukumu anthu akudzuka m'mawa, akupeza chinthu chachikulu, chozungulira ngati lichero, chaima m'malere pamwamba pa phiri la Soche."

Mayi Lusiya anayang'ana lichero limene linali pamiyendo pawo, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Afiti."

"Si afiti."

"Lichero louluka, si afiti? Anali maliseche?"

"Zimenezo sanalembe!"

"Ndiye anali maliseche. Akanavala akanatchula mtundu wa nsalu."

"Ndi sayansi, mayi! Zolengedwa za dziko lina, kuseri kwa nyenyezi. Zayenda zaka ndi zaka kuti zifike kuno."

"Iii! Mafuta ankathira kuti?"

Bambo Ignasio anapuma mozama. Iwo anabwera pakhondepo kudzanyoza buku, ndipo zinawawawa kuona kuti ayamba kulimasulira ngati analilemba ndi iwo.

"Siyani za mafuta. Mverani cholakwa choyamba. Munthu wachokera kutali chotero, mizinda yonse ya padziko ili mbwee, iye n'kusankha Soche? Ku Soche kuli chiyani?"

"Kuli achemwali anga."

"Sanabwerere achemwali anu!"

"Bola, chifukwa malata awo ndi akale. Chitati chitere padenga pamenepo, tonse tisonkha."

"Sichinatere padenga! Sichinatere paliponse! Ndicho cholakwa chachiwiri. Buku lokhuthala ngati buledi, koma kuyambira koyamba mpaka kothera alendowo angoima m'mwamba, kudikira kuti wina awauze kuti lowani."

"Ndiye ndi afiti aulemu."

"Si a-fi-ti!" Anamenya bondo katatu. "Anakhala chete m'mwambamo akumvera wailesi mpaka anadziwa Chinyanja. Kenako n'kutumiza mawu: 'Odi kuno. Tabwera ndi mtendere, tikupempha malo potera.'"

"Anamvera wailesi iti?"

"Zilibe ntchito!"

"Zili ndi ntchito. Ina ija amangoika nyimbo, munthu sangaphunzirepo odi."

Bambo Ignasio anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso, kuti mtima utsike.

"Tsono anthu anasankha komiti yoti iwayankhe. Tcheyamani wake nkhalamba ina youma mutu, dzina lake Nikolasi. Munthu wopusa chotero sindinamuonepo, m'buku kapena mumsewu. Alendo akuti odi, iye akuti, 'Tikuuzani.' Mwezi watha, odi. 'Tikuuzani.' Mvula yagwa, yatha, anthu akolola, odi. 'Tikuuzani.' Asa!"

Mayi Lusiya anapeta nandolo pang'ono, akuganiza.

"Anachita bwino."

"Ndani?"

"Bambo Nikolasi. Kwawo kwa alendowo sakukudziwa. Chilankhulo chawo sakuchimva. Zimene amadya sakuzidziwa."

Tsono Bambo Ignasio anali munthu woti ukati kwacha, iye amatuluka panja kukatsutsa dzuwa. Akazi awo akanamunyoza Nikolasi, mwina iwo akanamupezera pabwino. Koma poti anamuyamikira, basi, Nikolasi anakhala mdani.

"Kwawo akudziwa bwanji asanawapatse mpando? Malonje amachitikira m'mitambo? Ife titabwera m'tauni muno kuchokera ku Nsanje, ndi mphasa imodzi ndi makina anga pamutu, anthu ankaseka Chisena chathu mpaka kugwira nthiti. Koma mpando anatipatsa! Mlendo ndi mame, Mayi a Sophie, sachedwa kukamuka."

"Awa akhala miyezi, sanakamuke."

"Ndi mwambi!"

"Chabwino. Alipo angati?"

"Sanawawerenge."

"Nanga mphasa zikanakwana bwanji? Mnyamatayu sanalandirepo alendo, akuoneka."

"Apo ndiye mwalankhula!" Bambo Ignasio anakondwa, nakhala tsonga. "Sadziwa kanthu. Tangoganizani, akuti aliyense wa iwo ali ndi manja asanu ndi limodzi."

"Asanu ndi limodzi? Aliyense?" Mayi Lusiya anasiya kusenda. "Ndiye madzi osamba m'manja okha ndi diramu lonse. Ndi mmene mipopi ikuumiramu? Aaa, Bambo Nikolasi anaona patali."

"Musamuikire kumbuyo Nikolasi pakhonde panga!"

"Simunati bukuli ndi labodza?"

"Labodza, inde!"

"Ndiye mukukalipira munthu woti kulibe?"

"Kulibe, koma ndi wopusa!" Anaimirira, chala chikuloza kumwamba. "Mlendo wagogoda mwaulemu. Wadikira. Wagogodanso. Sanathyole chitseko, chonsecho mphamvu ali nazo. Iwe n'kumangokanda ndevu, uli tikuuzani, tikuuzani. Ameneyo si munthu wamkulu, mayi. Ndi chitsa chovala jekete!"

Mayi Lusiya anayang'ana jekete la ku Misa limene amuna awo anali asanavule, koma poti sanafunsidwe za jekete, anapitiriza kusenda.

"Chinandisangalatsa n'chimodzi chokha," anatero Bambo Ignasio akukhalanso pansi, nkhope itayamba kuwala. "Kumapeto zinamuonekera. Nikolasiyu anali ndi mwana wamkazi, Madalo. Pamene bambo ake ankatentha mipando ku komiti, mtsikanayo ankamvera mawu a alendo aja, n'kumaphunzira chilankhulo chawo pang'onopang'ono. Tsiku lina anatopa. Analongedza chikwama, n'kukwera phiri la Soche. Lichero lija linatsitsa makwerero, iye ulendo! Popanda ankhoswe, popanda mwambo, popanda ndi tsalani bwino yemwe. Nikolasi anatsala akuthamanga m'munsi mwa phiri, nsapato imodzi itavuka, akukuwira kumwamba, 'Terani! Terani!' Koma kumwamba kunali mitambo yokhayokha."

Anaseka mpaka kutsokomola, napukuta misozi ndi chikhatho.

"Zake zimenezo! Ndinawerenga kawiri pamenepo."

"Chikwama chotani?"

"Chiyani?"

"Cha Madalo. Chachikulu kapena chaching'ono? Ku nyenyezi n'kutali."

"Koma abale! Nkhani yonseyi inu mwamvapo chikwama?" Komabe anatsegula bukulo, poti sankalola kuti funso liwagonjetse, nayendetsa chala pa tsamba. "Chachikulu. Chamatayala."

"Ooo, ngati changa chabuluu chija. N'chabwino chimenecho, chimalowa zambiri. Sophie wachibwereka dzulo."

Chala cha Bambo Ignasio chinaima pamene chinali.

"Wachibwereka kuti atani nacho?"

"Akuti amafuna aone ngati zovala zake zonse zingakwanemo."

"Zonse?"

"Zonse. Ndi nsapato zomwe."

"Ndiye... zakwana?"

"Zakwana. Ndinachita kukhalira pamwamba kuti zipi itseke."

"Munakhalira pamwamba! Inu, mayi ake! Osamufunsa kanthu?"

"Ndinamufunsa. Ndinati, zakwana? Iye anati yewo."

"Anati chiyani?"

"Yewo. Ndi mmene akuthokozera masiku ano, mwa Chitumbuka. Akudziwa mawu ambiri, amawaphunzira pa foni akamachapa. Ali ndi mutu mwana ameneyu, anatengera inu."

Kuseka konse kuja kunawathera Bambo Ignasio, ndipo mantha anawagwira zenizeni. Sophie anali mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Ndiye ankawalowetsera ulusi m'singano akafuna kusoka batani, ndiye ankawaseka akamalimbana ndi wailesi. Kuti apite ku banja anali atavomera kale mumtima, ngakhale pakamwa sankanena. Koma kuti apite osatsanzika, iwo n'kumva kwa anthu a pamsika, zimenezo sakanazipirira.

"Ali kuti pano?"

"Wapita kukaona achemwali anga."

"Achemwali anu ati?"

"Ndili nawo angati? A ku Soche."

"Ku Soche!" Anadzuka ngati akhalira singano. "Ndi chikwama?"

"Ayi, chikwama chili kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Akuti chikhale pafupi."

Bambo Ignasio analowa m'nyumba mothamanga. Kunamveka matayala akukwekwereza pa simenti, chitseko cha kuchipinda kwawo chikutsekedwa, kiyi ikuzungulira. Anatuluka akupuma mwabefu, patapata atavala mophonya.

"Imbani foni."

"Kwa Sophie?"

"Kwa a ku Chitawira! Amalume a Boyd!"

Mayi Lusiya anaika lichero pansi, napukuta manja ndi chitenje, natulutsa foni mosafulumira.

"Ndiwauze zija za masiku onse? Kuti tikuuzani?"

"Ayi!"

"Koma kwawo sitikukudziwa."

"Tikudziwa akafika!"

"Chilankhulo chawo simuchimva."

"Sophie amasulira!"

"Nanga bukuli, ndiyatsire mbaula ya tiyi wawo?"

Bambo Ignasio analikwatula pampando, nalipanira kukhwapa ngati buku la mapemphero.

"Musaligwire!"

"Chabwino. Koma lero sizingatheke, Bambo a Sophie. Pabwalo ponse ndayanika chimanga, galimoto yawo ilibe poima."

"Auzeni atere lero lomwe, mayi! Pabwalo pakachepa, atere padenga!"