Tsiku limene amuna anga anandiiwala

Ndine mayi wa ku Utale. Amuna anga anali aphunzitsi, odziwa dzina la mwana aliyense m'kalasi. Poweruka kusukulu ankaliza belu la njinga yawo akamayandikira pakhomo. Tsiku lina m'mawa, anandifunsa kuti, "Pepani mayi, mukufuna ndani pano?"

Achibale anati ndi misala. Kuchipatala ku Liwonde, adokotala atayeza magazi anati chiwindi chawonongeka, ndipo zoipa zomwe chimasefa zikufika ku ubongo. Anawapatsa mankhwala otsegula m'mimba kuti zoipazo zizituluka.

Patatha masiku anayi anandiyang'anitsitsa n'kunena, "Amake mwana, mwaonda chonchi bwanji?" Ndinalira. Tinakhala nawo miyezi isanu yokha, kenako anatisiya.

Omvera anzanga, munthu akayamba kusokonezeka, thamangirani naye kuchipatala. Ine mpaka lero, belu la njinga likalira kumsewu, ndimatuluka kukaona.