Njere Zimene Ndinazithira Mchere

Abusa, akulu a mpingo, amayi, ndi inu akwaya amene mwayamba kale kuseka, moni m'dzina la Yesu. Inde, ndine Dalitso yemwe uja. Lero ndaima pano ndi umboni, osati mlandu.

Temu ino aphunzitsi athu a sayansi anabwera ndi njere za kachitsamba ka m'chipululu, komwe dothi ndi lamchere ndipo mvula imagwa mwa apo ndi apo. Tinjere touma ngati zinyalala. Anapatsa Misozi, monita wathu, kuti atimeretse pathonje lonyowa m'mbale, pambali pa chimanga ndi nyemba. Misozi ameneyu tsiku lililonse amandilemba pa olongolola. Ndiye ndinatapa mchere kunyumba (Amayi, musandiyang'ane choncho, unali wanu womwewo) n'kuthira m'botolo lake lothiririra.

Sabata ziwiri, zii. Chimanga chinachita nkhungu, nyemba zinaola, za m'chipululu zili duu. Misozi analawa madziwo n'kukuwa: "Ndi Dalitso uyu, palibenso wina!"

Ahedi sanazungulire. "Njerezi zinabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, muno m'Katete mulibe zina. Ngati zafa, nyamula mabuku ako, mayeso ukalembera kwina."

Abale, ndinapemphera. Ine, ine amene mumandidziwa, ndinagwada kuseri kwa labu mpaka maondo kufiira dothi.

Aphunzitsi anangoti, "Iwe wamchere, zitsuke ndi madzi a mvula a m'thanki, uziike pathonje latsopano."

Tsiku lachitatu ndinavundukula mbale ija. Timizu! Timizu toyera, tatuluka mbale yonse! Aphunzitsi anati mchere umakaniza njere kumwa madzi, chimodzimodzi chilala. Chimanga chimafa. Koma izi zimangogona, kudikira mvula yeniyeni itsuke mchere, pokhapo n'kudzuka. Abale, kanthu kopanda maso, kopanda mutu, kakudziwa bwanji kuti nthawi sinakwane? Anakauza ndani? Anakauza ndani, abale?

Chilango ndinalandira, ndatchetcha bwalo lonse la mpira. Misozi ndinamupepesa. Koma pamaso pa Abusa sindinganame kuti ndikudandaula. Popanda mchere uja, kalasi yathu ikanaona chiyani? Nyemba kumera?

Zikomo Ambuye, amene munabisa nzeru zotere m'kanjere. Imirirani abale, ombani m'manja, kondwani nane: mawa ndikulemba mayeso pa desiki yanga!