Dzanja Lokana Chikwanje

Abale ndi alongo, taonani dzanja ili. Ndinkafuna lipole kuti likateme munthu.

Ndine Sitefano, mkamwini ku Nsaru. Mlamu wanga Lazaro ananditema ndi chikwanje polimbirana malire a dimba. Bala linapola, koma zala zinangoti lende. Iye analipa mbuzi, anthu n'kumati nkhani yatha. Kwa ine inali isanayambe n'komwe. Mbuziyo inathera ku kachasu, ndipo ndikakhuta ndinkatukwana dzina lake msika wonse ukumva. Ndinkadana naye, ndipo chidanicho chinkandikomera.

Sisitere wina wa kuchipatala cha mishoni anandilozera kwa dokotala wa manja mumzinda, mwana wa ku Kabudula konkuno. Mayi a dokotalayo anadulidwa dzanja atapsa ndi moto, iye n'kukula akuwamanga chitenje m'mawa uliwonse. N'chifukwa chake anapita kunja kukaphunzira kulumikiza mitsempha, nthawi imene kuno dzanja likavulala kwambiri ankangodula basi. Wakalambira pantchito imeneyi.

Atandipima anati, "Bambo, zonse sindingabwezeretse, mitsempha yamoyo yatsala yochepa. Dzanjali mukufuna lizigwira ntchito yanji? Ndilikonzera yomweyo." Wodwala aliyense amamufunsa chomwecho.

Mumtima ndinati, kugwira chikwanje. Pakamwa ndinati, "Kusoka fodya, adokotala."

Anandikhulupirira, munthu wa Mulungu. Atandichita opareshoni anandiuza kuti ndizitola nyemba imodziimodzi kuti zala zizolowere. Ndinkatola ndithu, nyemba iliyonse ndikuifinya ngati khosi la Lazaro. Dzanja lamanzere linalipo, inde, koma ndinalumbira kuti dzanja lomwe analitema ndilo lidzamubwezere.

Tsiku lina masana ndinamupeza yekha kudimba, atawerama akuthirira. Ndinanyang'ama, ndinakweza chikwanje. Chinapulumuka m'manja n'kugwera m'ngalande! Dokotala uja anali atapereka mphamvu yonse ku zala ziwiri zogwira singano. Zofumbatira mpini zinalibe kanthu.

Lazaro anatembenuka n'kugwada m'matope. "Alamu, ndapota nanu, ana anga!"

Ndinalira, abale, koma musaganize kuti chinali chisoni. Unali ukali. Ndinali nditanamiza dokotala, koma Mulungu anatenga bodza langalo n'kulisandutsa chingwe chondimangira. Pakanapanda Iye, lero mwana wa mlongo wa mkazi wanga... ayi, ndinene mosapsatira: ana a Lazaro akanakhala amasiye, ine ndili kundende.

Kukhululuka sikunabwere tsiku lomwelo. Mpaka pano ndikaona chipserachi mtima umatentha, ndiye ndimagwada. Kachasu ndinasiya. Chaka chino ndasoka fodya m'chigafa cha Lazaro, pakuti iye kusoka sakudziwa, amangoononga masamba.

Alemekezeke Yesu amene anandilanda chikwanje n'kundisiyira dzanja! Iwe amene wabwera muno ukunola chako mumtima, bwera kutsogolo kuno. Akukufunsa lero zomwe anandifunsa dokotala uja: dzanja lako ligwire ntchito yanji?